Ghawar ndi Tupi: mafuta a m'chipululu ndi a pansi pa nyanja

Ku Ghawar, m'chipululu cha Saudi Arabia, mafuta akhala akutuluka kuyambira 1951. Malole amafika pachitsime penipeni, ndipo paipi ikabooka amisiri amaikonza ndi manja awo.

Ku Tupi, m'nyanja kufupi ndi Brazil, komwe kampani ya m'dzikolo ya Petrobras inapeza mafuta mu 2006, nkhani ndi ina. Chobowolera chimadutsa madzi akuya mamita oposa 2,000, kenako miyala, kenako mchere wochindikala pafupifupi mamita 2,000, chisanakhudze mafutawo. Ndimaona kuti palibe kampani ingalolere chintchito chotere zitsime zonga Ghawar zikadali mbwee. Pansipo munthu safikako, amatumizako maloboti. Zikati zavuta zimavutadi: mu 2010 chitsime cha kampani ya mafuta ya BP ku Gulf of Mexico chinakhavula mafuta m'nyanja masiku 87 asanachitseke.