BMW 320i, Benz C200 ndi Lexus IS250: iti yoti muitanitse?

Amene mukufuna galimoto yaing'ono koma yaulemu, yoti mukafika nayo paukwati anthu atembenuke, nthawi zambiri mumathera pa mayina atatu awa. Zonse mphamvu yake imapita kumatayala akumbuyo, zonse zimapezeka zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, koma zikafika pamsewu wathu iliyonse imaonetsa khalidwe lake.

BMW ndiye mkulu pa zitatuzi. 3 Series inayamba mu 1975, ndipo ku South Africa inkapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria mpaka 2018. Amene munakhalako ku Joni mukuidziwa gusheshe, ija ya zaka za m'ma 1980 imene anyamata amazungulitsa mpaka matayala kufuka. Imene ambiri timaitanitsa ndi 320i ya mtundu wa E90, woyamba mu 2005. Pachiwongolero palibe yoipikisa. Mukamatsika mapiri a Dedza, mukangopotoza dzanja pang'ono yamva kale, ndipo pakona imakakamira phula. Koma ndisakubiseni ziwiri izi. Tsegulani buti, tayala la sipeya mulibe, chifukwa inapangidwira matayala oyenda ngakhale aphwa, amene kuno ndi odula komanso ovuta kuwapeza. Ambiri amaika matayala wamba n'kumayenda opanda sipeya, ndipo ine zimenezo zimandidetsa nkhawa ndikaganiza za maenje a nthawi ya dzinja usiku. Chachiwiri, injini zake zambiri za petulo zilibe kachitsulo koyezera oyilo. Mumadalira zimene kompyuta yalemba kutsogoloku.

Benz inabwera mochedwa m'gululi. Inayamba ndi 190 mu 1982, dzina la C-Class n'kudzabwera mu 1993, ndipo East London ku South Africa ndi amodzi mwa malo amene imapangidwa. C200 ya mtundu wa W204, woyamba mu 2007, yokhala ndi injini ya 1.8 Kompressor ndi yofatsa, imameza mabampu bwino kuposa BMW, ulendo wa Blantyre mpaka Mzuzu mumafika msana uli bwinobwino. Mukamagula, ilizeni m'mamawa injini ili yozizira ndipo mutchere khutu. Kukamveka kaphokoso ka tcheni, dziwani kuti pali ndalama zina zoti mukonzekere.

Tsono Lexus. Ambiri amaipeputsa poti ilibe nyenyezi kapena chizindikiro cha ku Germany, pomwe ndi Toyota yovala suti. Inayamba ku Japan mu 1998 ngati Toyota Altezza, ndipo IS250 inatuluka mu 2005 ndi injini ya V6 ya malita 2.5. Apa ndiye pagona nkhani: injini imeneyi, 4GR-FSE, ndi yomwe ili mu Mark X ya 2.5, ndipo ma Mark X adzaza m'tauni zathu. Makaniko wa pansi pa mtengo akatsegula boneti sadabwa, amaona zimene anazigwirapo dzulo. Mafyuluta, mapulagi ndi zina za injini mumazipeza ku Ndirande kapena ku Biwi osadikira basi ya ku Joni. Ziwiri zinazo zimafuna munthu amene ali ndi makina oyezera ndipo amazidziwadi, ndipo otere ndi owerengeka kunja kwa Blantyre ndi Lilongwe.

Si kuti Lexus ilibe chilema. Masilinda 6 amamwa mafuta kuposa anayi a 320i ndi C200, ndipo kumbuyo n'kothina. Munthu wamtali maondo amagunda mpando wakutsogolo. Ndi yotsikanso ngati zinzakezo, mahampu ataliatali muziwadutsa mopingasa.

Mtima wanga uli pa BMW, sindikana. Koma mchimwene wanga atandifunsa kuti aitanitse iti, poti amakhala ku Kasungu ndipo galimoto yake ndi imodzi yomweyo yakuntchito, yakutchalitchi ndi yakumaliro kumudzi, ndinamuuza IS250. Benz ndinamuuza kuti aiganizire ngati atasamukira ku Lilongwe.