Cisco 2509, PortMaster 2E kapena kompyuta yakale ya mamodemu: ofesi yaing'ono isankhe iti?

Mnzanga wina wapatsidwa katundu wakale ku ofesi ina yomwe imakonza m'sitolo, muli Cisco 2509, Livingston PortMaster 2E, mamodemu akunja angapo ndi kompyuta yakale ili ndi khadi la ma port ambiri. Akufuna akhazikitse seva yoti munthu ali kunyumba kapena ku nthambi aziyimba pa foni yapansi nkulowa pa netiweki ya ku ofesi, ndiye wandifunsa kuti atenge iti. Zinthuzi ndinazigwirapo ndi manja anga nthawi imene dial-up, kulowa pa netiweki poyimba foni ndi modemu, inali njira yokhayo, ndiye ndiyankhe bwinobwino, mwina alipo ena akufuna zomwezi kaya za lab kaya ngati khomo lakuseri intaneti ikaduka.

Ndiyambe ndi nkhani ya 56k chifukwa apa ndi pomwe anthu amapusitsika. Modemu ikalembedwa kuti 56k sizitanthauza kuti ku ofesi kwanu muzilandira anthu pa liwiro limenelo ayi. V.90, muyezo wa mamodemu a 56k womwe unabwera mu 1998 kudzathetsa mkangano wa x2 ya US Robotics ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent, imafuna kuti mbali ya seva ikhale pa laini ya digito, monga E1 kapena ISDN. Mamodemu awiri wamba akayimbirana pa malaini wamba amathera pa V.34, kutanthauza 33.6k basi, ndipo laini ikakhala ya phokoso imatsika kufika 28.8k kapena kuchepera apo. Pa 33.6k fayilo ya 1MB muyidikira mphindi ngati 4. Makina atatu onse ndikukamba panowa ali m'gulu limeneli, palibe oposa mnzake pa liwiro. Ofuna 56k yeniyeni ayang'ane PortMaster 3, Ascend MAX, Cisco AS5300 kapena Total Control, koma amenewo anali a makampani ogulitsa intaneti, laini ya E1 imodzi imanyamula anthu 30 nthawi imodzi, ofesi ya anthu khumi ikatani nayo?

Cisco 2509 ili ndi ma port a modemu 8, mkulu wake 2511 ali ndi 16. Koma musayembekezere kuona timabowo 8 kumbuyoko, pali soketi imodzi yaikulu ya mapini 68 pomwe mumalumikiza kebulo ya miyendo 8 yotchedwa octal, mwendo uliwonse uli ndi nambala yake ndipo umathera pa RJ45, kenako mufunikanso kaadaputala ka DB-25 kuti mulowe mu modemu. Ethernet yakenso ndi ya soketi yakale ya AUI ndiye mpaka mupeze kaadaputala kotchedwa transceiver kuti mulumikize waya wa masiku ano. Ndikunenetsa apa chifukwa ambiri amatenga bokosi lokha nkusiya tizinthu timeneti m'katoni, kufika kunyumba palibe chomwe angachite. Mkati mwake muli purosesa ya Motorola 68030, yofooka kwambiri tikayerekeza ndi foni ili m'thumba mwanuyo, koma pa mamodemu 8 imakwana.

Chomwe ndimaikondera ndi IOS, pulogalamu yoyendetsa marauta a Cisco. Ngati munagwirapo rauta ya Cisco iliyonse simuvutika, pa line mulemba modem InOut ndi flowcontrol hardware, pa interface encapsulation ppp ndi ppp authentication chap, mupereke ma IP pang'ono oti oyimbawo azibwerekedwa, mwamaliza. Ndi rauta yeniyeni, ili ndi ma serial awiri a leased line, komanso mutha kuika access list kuti woyimba azingofika pa seva ya maimelo osakhudza ya akaunti. Mukapeza ili ndi pasiwedi ya eni ake akale si nkhani, kudina break ikamayaka nkusintha register kukhala 0x2142 mwalowa. Ndipo tsiku limene dial-up mwatopa nayo, kebulo yomwe ija mumaizula ku mamodemu nkuibaya m'ma console a maswitchi ndi marauta, ndiye mumachita telnet pa port 2001, 2002 kumapita choncho nkulowa mu chipangizo chilichonse muli patali, ophunzira CCNA, satifiketi ya Cisco, ankaifuna pa chifukwa chimenechi. Vuto lake imafuna munthu wodziwa kulemba malamulo, mlembi wa pa ofesi sangawonjezere munthu watsopano yekha, komanso fani yake imasokosa.

PortMaster ndi nkhani ina, iyi inabadwira ntchito imeneyi basi. Livingston Enterprises ya ku California ndi yomwe inayambitsa RADIUS cha m'ma 1991, njira ija yosungira mayina ndi mapasiwedi pa seva imodzi yomwe mpaka lero ikugwira ntchito kuseri kwa ma Wi-Fi a m'maofesi. 2E imabwera ndi ma port 10, mutha kuwonjezera kufika 20 kapena 30, ndipo ndi a DB-25 enieni, kebulo wamba ya modemu ikulowa popanda za miyendo 8 zija. ComOS, pulogalamu yake yoyendetsera, ndi yosavuta modabwitsa, mulowa ngati !root, set s1 network dialin, save all, reset s1, yayamba kuyankha. Makampani ang'onoang'ono a intaneti ambiri anayambira pa bokosi limeneli, mashelefu odzaza mamodemu ndi timagetsi tofiira tikuphethira usiku wonse. Ine pa kukhazikika ndimaipatsa ulemu, mukaiyatsa mumaiwala kuti ilipo.

Koma Lucent inagula Livingston mu 1997 ndipo patapita zaka zochepa PortMaster inasiyidwa. Lero mukakakamira penapake anthu oidziwa ndi ochepa kwambiri, pomwe za Cisco mungofunsa mnyamata aliyense wa netiweki. Komanso ma port 10 pa ofesi yomwe ili ndi malaini a foni awiri ndi kungowononga malo, ndipo ikasiya ntchito ya dial-up sindikuona wina akuifuna.

Shiva LanRover ndingoitchula modutsa poti mnzangayo alibe. Inali ya maofesi ang'onoang'ono ndithu, ma port 4 kapena 8, yotchuka kwa omwe anali ndi ma Mac ndi Novell chifukwa imanyamula AppleTalk ndi IPX, ndipo Intel inagula kampaniyo mu 1999. Imadalira pulogalamu yake yoyendetsera ya pa Windows yakale kapena Mac, ndiye mukaipeza yopanda pulogalamuyo ganizani kawiri.

Tsopano kompyuta. Apa pali njira ziwiri. Windows NT 4.0 Server inali ndi RAS, pulogalamu yake yolandira oyimba, yolola anthu mpaka 256 nthawi imodzi, pomwe Workstation imalola mmodzi yekha. Ubwino wake unali woti dzina ndi pasiwedi yomwe munthu amalowera pa kompyuta ya ku ofesi ndi yomweyo yoyimbira, mungochonga kabokosi komulola, komanso callback inali yosavuta, munthu ayimba, seva idula nkumuyimbira iyo pa nambala yomwe munaika kale. Zimenezi zimathandiza pawiri, bilu ya foni imagwera ofesi osati wantchito, ndipo wakuba pasiwedi sapindula kanthu chifukwa seva iyimbira kunyumba kwa mwini wake. Cisco nayonso imatha callback koma muyenera kulemba mizere ingapo. Njira inayo ndi Linux, pulogalamu ya mgetty imamvetsera foni ikalira nkuyankha, ikazindikira kuti woyimbayo akulankhula PPP, chinenero cha netiweki pa dial-up, imapatsira pulogalamu ina ya pppd, muike proxyarp kuti woyimbayo azioneka ngati ali pa LAN momwemo. Yaulere, ndipo imayenda ngakhale pa makina a lero ndi adaputala ya USB.

Kompyuta zakale zambiri zimakhala kale ndi ma COM awiri, mabowo olumikizira modemu, ndiye pa malaini awiri simufunikanso khadi la ma port ambiri ngati la Digi kapena Cyclades. Chokhacho onetsetsani kuti modemu ndi yeniyeni yakunja, tima winmodem tam'kati tija pa Linux timangobweretsa mutu. Pomwe kompyuta imagonja ndi pa magetsi. Ili ndi hard disk, magetsi akathimathima kangapo pa tsiku popanda UPS, batire losungira magetsi, tsiku lina siidzuka, kapena idzuka nkuima penapake kudikira munthu adine batani pomwe inu muli ku Mzuzu mukuyimba foni ikungolira. Cisco ndi PortMaster zilibe disiki, magetsi akabwera zimadzuka zokha nkuyamba kuyankha.

China chomwe mabuku a kunja sakamba kwambiri koma ife tikuchidziwa ndi mphenzi. Pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza, mvula ya mu Januwale inapsereza mamodemu awiri usiku umodzi kudzera pa waya wa foni. Chinatipulumutsa nchakuti anali akunja, tinangozula nkuika ena, bokosi lenilenilo silinakhudzidwe. Akanakhala makhadi a m'kati mwa kompyuta mwina bodi yonse ikanapita. Nchifukwa chake ine mamodemu a m'kati sindiwalimbikitsa ngakhale amachepetsa mawaya. Ngati m'katoni mwa mnzangayo muli Courier ya US Robotics, imeneyo ndiye ayisunge bwino, pa laini ya phokoso imagwiritsitsa pomwe ena adula kale. Modemuyo muipatse lamulo la AT&F1 kuti flow control ikhale ya hardware, ndipo S0=1 pa Cisco ndi PortMaster kuti iziyankha yokha, koma pa mgetty isiyeni pa 0 chifukwa imayankha ndi mgetty mwini wake, mukalakwitsa apa modemu ndi mgetty zimalimbirana foni.

Ndiye mnzangayo ndamuuza atenge 2509 ngati kebulo ya octal ndi transceiver zilimo m'katoni. Ngati mulibe ndipo malaini ndi awiri okha, aike Linux pa kompyuta ija ndi UPS, PortMaster aisunge mpaka tsiku lomwe adzafune malaini opitirira 8. Asanayambe chilichonse ayambe waona ngati laini yapansi ya pa ofesipo ikadali ndi dial tone, chifukwa m'madera ambiri mawaya a kopa anabedwa kalekale. Ikakhala kuti yafa atha kuyesa kudutsa pa VoIP, foni ya pa intaneti, ndi kabokosi ka ATA kolumikizira modemu, codec ikhale G.711 ndipo echo cancellation azimitse, koma liwiro alitsitse dala mwina mpaka 14.4k kuti isamadukeduke.