Ndalama ya pakalata si imene inalowa ku banki

Abale anga a ku Bangula, ndamva kuti ana angapo kumeneko akufunsira malo m'masukulu a kuno ku America, ndiye ndati ndikuuzeni zimene zinandionekera ine.

Kalata ya sukulu yonena za ndalama imene azindipatsa ya fizi, lendi ndi chakudya itafika tinaiwerenga tonse pansi pa mtengo wa masawu. Amalume, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndipo PAYE amaidziwa bwino, anaika chala pa nambala ija n'kufunsa kuti, "Msonkho achotsa kale apa?" Ine ndinayankha molimba mtima kuti mwana wasukulu samudula msonkho. Tsiku lomwelo ndinalonjeza amayi malata okwanira nyumba yonse kumtunda, poti yakale inapita ndi madzi a namondwe Freddy mu March 2023.

Mwezi woyamba ndalama inalowa yoperewera. Ndinapita ku ofesi mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti alakwitsa. Sanalakwitse. Ndalama yolipirira fizi saikhudza, koma ya lendi ndi chakudya amaidula 14 peresenti isanafike kwa iwe, ngati uli pa viza ya ophunzira ya F-1 ndipo lamulo la msonkho likukuwerengabe ngati mlendo, zimene zimakhala choncho zaka 5 zoyambirira. Pa madola 1,000 alionse, 140 amapita ku IRS, yomwe ili ngati MRA yathu. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti mnzanga wa ku China, wa kalasi imodzi, sanadulidwe, chifukwa dziko lake lili ndi pangano la msonkho ndi America. Malawi alibe pangano limeneli.

Chaka chitatha sukulu inandipatsa pepala lotchedwa 1042-S losonyeza zonse zimene anadula. Ndinadzaza mafomu a msonkho a alendo, ya 1040-NR ndi ya 8843, n'kutumiza 15 April asanakwane. Ndalama ina inabwerako, koma pang'ono, komanso patapita miyezi.

Chovuta chinali foni ya kwa amayi. Ndinazengereza masabata awiri, manyazi atandigwira. Nditawauza kuti malata abwera theka, anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwanawe, ukudya koma kumeneko?" Mvula ya chaka chimenecho inawapeza chipinda chimodzi chili ndi malata, chinacho atafolera udzu ndi pulasitiki.