Foni Pakhutu Kapena Mahedifoni a Waya?

Ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula ambiri amati foni ikatentha pakhutu ndiye kuti mafunde ake akuwononga thupi. Nkhawayi ndi yomveka. M'thupi muli ma enzayimu, tinthu tofulumizitsa ntchito monga kugaya chakudya, ndipo ambiri amagwira bwino pa madigiri 37. Koma mafunde a foni amatenthetsa minofu pang'ono zedi, osafika posokoneza ma enzayimuwa. Kutentha komwe mumamva kumachokera makamaka ku foni yeniyeniyo ndi batire yake, kuwonjezerapo dzuwa lathu la mu Okutobala kuno kuchigwa. Komabe mu 2011 bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika mafundewa m'gulu la 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa, choncho ine ndimati kusamala si kulakwa.

Mtengo: pakhutu simulipira kanthu, mahedifoni mugula, ngakhale otchipa ali mbwee pamsika.

Kulimba: otchipawo waya wake suchedwa kuduka, thukuta ndi fumbi zimawamaliza msanga.

Mafunde: apa mahedifoni apambana kutali. Foni ikatalikirana ndi mutu ngakhale pang'ono, mphamvu yofika kumutuko imatsika kwambiri. Izi n'zofunika makamaka kumidzi komwe netiweki ndi yofooka, chifukwa kumeneko foni imawonjezera mphamvu kuti ilumikizane ndi nsanja yakutali.

Wongopereka moni kwa mphindi ziwiri, pakhutu pamukwanira. Ochita malonda omwe amakhala pafoni tsiku lonse, gulani mahedifoni. A kabaza okha musawavale mukupalasa pamsewu wa M1, simungamve galimoto ikubwera kumbuyo.