Matabwa, chitsulo kapena aluminiyamu: chimango chiti chimagwira bwino chiwongolero?

Amene mumathamangitsa galimoto m'masewera a pakanema monga Assetto Corsa kapena Gran Turismo 7 mukudziwa kuti chiwongolero chomangirira patebulo sichichedwa kukwiyitsa. Tebulo limagwedera, mpando umathawira kumbuyo mukaponda buleki, mapedulo nawo amatsetsereka pasimenti. Zikafika apa mumayamba kuganiza zopangitsa chimango chanuchanu chogwira mpando, chiwongolero ndi mapedulo pamodzi, ndipo kuno ku Mulanje njira zake ndi zitatu: kwa kalipentala, kwa wowotcherera, kapena kuitanitsa aluminiyamu kunja. Ine zonsezi ndimaziyeza ndi funso limodzi: chimango chikatha, mungathenso kusintha mapendekekedwe a chiwongolero?

Funsoli ndi lalikulu chifukwa palibe amene amadziwa kupendekeka komuyenera asanayendetse kwa nthawi ndithu. Pagalimoto za GT, zampikisano zooneka ngati za pamsewu, chiwongolero chimaima chotsamira pang'ono, ndipo mtanda wake umaloza pakati pa chifuwa ndi khosi lanu. Pa Formula 1 chimaima pafupifupi chilili, miyendo ili m'mwamba. Koma wokonda Euro Truck Simulator 2, masewera oyendetsa mathiraki, amachifuna chogonako, ngati cha minibasi za ku Limbe. Kuti muone ngati chakhala bwino, tsamirani mpaka mapewa akhudze mpando, mutambasule mkono: pamene mumavala wotchi pazigwera pamwamba pa chiwongolero. Mukagwira mbali zonse ziwiri, zigongono zikhale zopindika, madigiri a pakati pa 90 ndi 120. Chikagona kwambiri, pamwamba pake pamatalikira, ndiye pakona yothina phewa limanyamuka pampando. Chikaima kwambiri chili chotsika, manja amapindikira m'mwamba n'kuyamba kuwawa, mawondo akugunda kunsi.

Pamenepa matabwa ndi amene ndimawakonda. Paini wa 2x4 amapezeka, kalipentala aliyense wa pa Chitakale amamudziwa, ndipo pomwe simunakhutire mumaboola pena basi. Thabwa lokhalapo chiwongolero likhale la pulayiwudi wa mamilimita 18. Mbali yoyang'ana inu ikhale pamahinjesi awiri, ndipo m'mbali mwake muimike timatabwa tiwiri tokhala ndi mabowo ondondozana. Kukweza kapena kutsitsa n'kungosamutsa bawuti kuchoka pabowo ili kupita pa linalo. Eni Logitech G29 mukumbukire kuti chiwongolerochi chimabwera chopendekeka kale chikakhala pamalo a fulati, choncho yambani thabwalo lili fulati, muzisuntha bowo limodzilimodzi. Kunsi kwake kuli mabowo a mabawuti a M6. Gwiritsani amenewo m'malo modalira zomangira zapulasitiki zija.

Vuto la matabwa ndi chinyezi chathuchi. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, ndipo chiperoni chikakhazikika, MDF ndi chipboard (matabwa a utuchi womata ndi guluu) zimafufuma m'mphepete mpaka bawuti kumangozungulira. Ziwirizi zisiyeni. Funani thabwa louma, lipakidwe vanishi mbali zonse, ndi kunsi komwe, ndipo miyendo isagunde simenti: ikani tizidutswa ta tayala. Bulugamu ndi wolimba kuposa paini koma ndi wolemera, komanso amang'aluka mukapanda kuyamba mwaboola. Misomali ayi. Chimango cha misomali chimayamba kulira pasanapite nthawi chifukwa buleki imakankha malo amodzimodzi nthawi zonse. Pamafunika mabawuti ndi mawashala, oti muzimangitsanso. Wina akakunong'onezani za mkungudza, mukaneni. Ndi mtengo wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, ndipo sungawonjezere liwiro lanu ngakhale pang'ono.

Chitsulo chowotcherera chimapambana pa kulimba. Sikweya chubu ya mamilimita 40 sigwedera, ndiponso ndi yochepa thupi, kotero mawondo amapeza malo omwe matabwa amadya. G29 mphamvu yake yopotokola imangopitirira pang'ono 2 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvuyo), ndipo paini amaipirira bwinobwino. Koma ngati maso anu ali pa direct drive, chiwongolero cholumikizidwa mwachindunji ku mota yake, monga Moza R5 ya 5.5 Nm kapena Fanatec CSL DD yofika 8 Nm, kapenanso buleki ya load cell (yoyeza mphamvu yomwe mwaponda nayo) yomwe imafuna mwendo wonse, chitsulo chikuyenerani. Chimango chofewa chimameza timanjenje tomwe timakuuzani kuti matayala akutsogolo ayamba kuterereka, ndiye ndalama ya chiwongolero chodulacho mwangoitaya.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti owotcherera athu anazolowera mageti ndi mawindo, zinthu zoti zisasunthe. Mukangosiya chithunzi n'kuchokapo, mukapeza mbale ya chiwongolero yawotchereredwa mbali zonse, ndipo kuisintha n'kuitana chopukusira. Pitani ndi mpando, chiwongolero ndi mapedulo komweko. Apempheni ambwanawo kuti ayambe angogwiriza pang'onopang'ono, inu mukhalemo, mutambasule mikono, muponde buleki mpaka pansi bondo likadali lopindikako. Mbale ya chiwongolero ikhale payokha, yomangidwa ndi mabawuti awiri mbali iliyonse: limodzi pozungulira, linalo mumpata wokhota. Ya mapedulo chimodzimodzi. Akatha apake red oxide yoteteza dzimbiri kenako penti, apo ayi dzimbiri liyamba m'mfundo mvula yoyamba. Chubu chamkati mopanda kanthu chimakuzanso phokoso la magiya a mkati mwa G29; kachidutswa ka labala pansi pa chiwongolero kamathandiza, makamaka ngati a m'nyumba amagona msanga.

Aluminiyamu ya mipata yoyendamo mabawuti, ya mamilimita 40x40 kapena 40x80, ndiyo imayankha funso langa lija kuposa zonse. Chilichonse chimasuntha ndi kiyi ya Allen, sichita dzimbiri, sifufuma. Koma muyenera kuiitanitsa ku South Africa kapena ku China, kulipira kulemera kwake ndi msonkho, ndipo kanati kamodzi ka T, kolowa m'mipatamo, kakasowa mudikira wina wochokera ku Joni. Kwa munthu wa G29, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku mapedulo abwino. Mapaipi a PVC omwe mumawaona pa YouTube sindingakulimbikitseni. Amawerama mukaponda buleki, ndipo guluu akagwira ndiye kwatha.

Ndiye wa G29 kapena Thrustmaster T300, pitani kwa kalipentala. Wofuna direct drive, yambaninso ndi matabwa otsika mtengo, muyendetse mpaka bawuti ikhazikike pabowo limodzi, kenako mutenge miyezo imeneyo kupita nayo kwa wowotcherera. Mpando, kaya chimango ndi cha mtundu wanji, funani wa galimoto yakutha, wokhala ndi njanji zake, kuti m'bale wanu wamfupi azingousendeza. Giya ikani kumanzere monga tinazolowera pamisewu yathu, koma boolani mabowo mbali zonse ziwiri, chifukwa galimoto zambiri za m'masewerawa chiwongolero chake chili kumanzere, giya kumanja.