Chrono Trigger ilipo mitundu yambiri: ndi uti woti muwonongepo ndalama ndi nthawi yanu?

Mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Fomu 3, anakhala kwathu tchuthi chapitachi. Tsiku loyamba atandipeza pa laputopu usiku anasuzumira kenako n'kuseka: "Amalume, tianthu tonga nyereretu ndi timene mwakhalira maso mpaka pano?" Ndinangomupatsa padi yosewerera gemu, osamuyankha. Pofika Lachisanu, ineyo ndi amene ndinkachita kupempha laputopu yanga yomwe. Atabwerera kwawo anandilembera pa WhatsApp kuti wafufuza pa intaneti ndipo wapeza kuti gemuyi ilipo ya Super Nintendo, ya PlayStation, ya DS (kamakina ka m'manja ka Nintendo), ya pa foni ndi ya pa Steam (sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta), ndiye agwire iti. Yankho langa linatalika kuposa zomwe foni ingapirire, n'chifukwa chake ndalilemba pano.

Chrono Trigger inapangidwa ndi kampani ya Square ndipo inatuluka ku Japan mu March 1995, ku America mu August chaka chomwecho. Ku Ulaya sinatuluke konse pa Super Nintendo. Poti magemu ochepa omwe ankafika kuno ankadzera ku Britain kapena ku South Africa, ambiri a ife tinaidziwa mochedwa, kudzera pa emulator, pulogalamu yoseweretsa magemu a makina ena pa kompyuta. Ine ndinaiona koyamba pa kompyuta ya mnzanga ku koleji, tikusewera ndi kiyibodi yomwe batani lake lolowera kumanzere linkafuna kulikanikiza ndi mphamvu. Amene anaipanga sanali anthu wamba: Hironobu Sakaguchi wa Final Fantasy, Yuji Horii wa Dragon Quest, ndi Akira Toriyama, wojambula Dragon Ball uja, yemwe anatisiya mu March 2024. Nyimbo zambiri anapeka ndi Yasunori Mitsuda, yemwe anaigwira ntchitoyi mpaka kudwala zilonda za m'mimba, Nobuo Uematsu n'kudzamalizitsa zotsala.

Nkhani yake ndi imodzi m'mitundu yonseyi. Crono apita kuchionetsero m'chaka cha 1000, agundana ndi Marle, makina a Lucca asokonekera, ndipo onse apezeka m'chaka cha 600. Kenako aona dziko litasanduka bwinja m'chaka cha 2300 n'kumva kuti chilombo chotchedwa Lavos chinaliwononga mu 1999. Adani mumawaona poyera musanalimbane nawo, ndipo ndewu imachitikira pomwe mwaima pomwepo. Anthu awiri kapena atatu amatha kuphatikiza luso lawo, monga Crono ndi Frog, msilikali wooneka ngati chule, akamadutsana ndi malupanga. Zimenezi palibe mtundu umene unaziwononga. Kusiyana kuli pa zinthu zinayi: liwiro, Chingerezi chake, maonekedwe, ndi kuti mungaipeze bwanji.

Ya Super Nintendo ndiyo mayi wa zonse, ndipo pa liwiro palibe yoiposa. Mukadina menyu yatseguka kale, mukakhudza mdani ndewu yayamba. Nyimbo zimamveka momwe Mitsuda anazikonzera pa makinawo, makamaka ija ya mu ufumu wa Zeal, woyandama m'mitambo m'chaka cha 12,000 BC, imene ndimatha kuisiya ikulira ndikutsuka mbale. Chingerezi chake anamasulira ndi Ted Woolsey, m'masiku pafupifupi 30 okha, malo a mawu pa katiriji ali ochepa, komanso malamulo a Nintendo ya ku America atamuima pakhosi. Mowa sunkaloledwa, choncho pa phwando la Ayla, m'nthawi ya makedzana ija, mpikisano wakumwa unasanduka wa supu. Munthu n'kudzuka m'mawa mutu ukuwawa chifukwa cha supu! Woolsey ndi amenenso anamupatsa Frog Chingerezi chonga cha m'Baibulo lakale, cha "thee" ndi "thou", pomwe anthu ena onse a m'nthawi yake akuyankhula bwinobwino. Sizomveka, koma ife amene tinayambira pamenepo Frog timamumva choncho mpaka lero.

Pali kanthu kena kamene padi ya Super Nintendo imakachita bwino. Lucca amapatsidwa mwayi wobwerera ku tsiku lomwe mayi ake anavulala miyendo pa makina, ndipo kuti makinawo aime muyenera kulowetsa mawu achinsinsi, omwe ndi dzina la mayiwo, Lara. Dzinalo ndi mabatani a m'manja mwanu: L, A, R, A. Nthawi ikutha, mayi akukuwa, inu mukuyang'ana pa skirini kufuna polemba, osadziwa kuti yankho mwaligwira kale. Ulendo woyamba ndinalephera, ndipo ndinazimitsa kompyuta n'kupita kukagona ndili ndi chisoni chenicheni. Pa DS mabataniwo alipo ndithu. Pa foni, pomwe pali galasi lokhalokha, kukoma kwa kachinsinsi kameneka kumachepa.

Vuto la ya Super Nintendo ndi kuipeza. Katiriji yeniyeni pano ndi katundu wa anthu osonkhanitsa zakale, mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo kabatire kosunga sevu kamene kali m'kati mwake kali ndi zaka 30. Pa kamakina kakang'ono ka SNES Classic kamene Nintendo inatulutsa mu 2017, Chrono Trigger sanaikepo. Kwa mwana wa Fomu 3 njira imeneyi ndi yotseka.

Ya PlayStation sinditaya nayo nthawi. Inatuluka ku Japan mu 1999, ku America mu 2001 m'bokosi limodzi ndi Final Fantasy IV lotchedwa Final Fantasy Chronicles. Inabweretsa timafilimu ta katuni topangidwa ndi Toei Animation, tokongola ndithu. Koma chilichonse chimadikira disiki. Kutsegula menyu, dikirani. Kukhudza mdani, anthu aima chilili masekondi angapo ngati aiwala chomwe abwerera. Gemu imene ulemu wake wonse uli pa kusachedwa aisandutsa mzere wa kuchigayo. Timafilimuto tilinso m'mitundu yotsatira, ndiye palibe chifukwa chodzizunzira.

Ya DS, imene inatuluka mu November 2008 ndi kufika ku Ulaya kumayambiriro kwa 2009, ndiyo ndimaitcha yabwino koposa, ndipo ndidzaiteteza pabwalo lililonse. Liwiro ndi la Super Nintendo, timafilimu ta PlayStation tilimo popanda kudikira. Chimene chinandigwira mtima ndi maskirini awiri aja. Manambala a moyo, mndandanda wa luso ndi mapu zonse zinatsikira pa skirini ya m'munsi, ya m'mwamba n'kutsala yoyera, chithunzi chokhachokha. Ndewu ya ku nyumba ya mfiti Magus, makandulo a buluu akuyaka motsatizana pamene mukuyandikira, ndinaiona bwino koyamba pa DS chifukwa panalibe bokosi la mawu lotchinga. Amene akufuna kaonekedwe kakale akhoza kukabwezeretsa mu zosankha.

Chingerezi chake ndi chatsopano, cha Tom Slattery, chotsatira kwambiri zomwe a ku Japan analemba. Mowa unabwerera kukhala mowa. Frog anasiya "thou" n'kumayankhula mwaulemu chabe. Mayina omwe anthu anawazolowera, monga Ozzie, Slash ndi Flea, anawasiya momwemo, ngakhale m'Chijapani atatuwa ali ndi mayina a vinega, msuzi wa soya ndi mayonezi. Anzanga ena amati kumasulira kwa Slattery n'kozizira. Ine ndimati n'komveka. Nkhani ya Schala ndi Janus ku Zeal, yomwe kale ndinkaimva mwa apo ndi apo, ndinaimvetsa bwino pa DS. Nthabwala zina za Woolsey ndimazisowa, koma kwa munthu amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu ngati ife, Frog woyankhula zomveka ndi mpumulo.

Zowonjezera za DS zokha ndiye musazitengere pamtima. Lost Sanctum ndi kutumidwa basi: kwera phiri m'nthawi ya makedzana, tsika, dumphira m'chaka cha 600, kweranso phiri lomwelo, tenga chakuti ukapereke kwa uje, bwereranso. Ndinaimaliza chifukwa cha liuma, ndipo sindidzabwerezanso. Dimensional Vortex, imene imatseguka mukamaliza gemu, ili bwinoko, ndipo imakufikitsani kwa mdani wamkulu watsopano ndi mathero ena amene amalumikiza nkhaniyi ndi Chrono Cross, gemu imene inatsatira. Palinso kabwalo koweta ndi kumenyanitsa tizilombo, Arena of the Ages, kamene ndinakasewera madzulo amodzi n'kukaiwala.

Nanga bwanji sindinamuuze mnyamatayu kuti agule ya DS? Chifukwa DS yomweyo ndi yosowa, ndipo makatiriji achinyengo ndi ochuluka. Ine anandipusitsapo. Mnzanga wina anandibwereka kakatiriji kodzaza magemu okopera, ndinasangalala, ndinafika pa makina a Lucca, Crono n'kulowa m'dzenje la nthawi lija. Mizere ya buluu inayamba kuzungulira, n'kumangozungulira. Ndinapita kukathira tiyi, pobwera ikuzungulirabe. Kunali kutchera kwa opanga gemu: ikazindikira kuti ndi yokopera, simutulukamo m'dzenjemo. Yeniyeni ndinadzaipeza patapita chaka, yogwiritsidwa kale ntchito, msuweni wanga atabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Mukapeza DS kapena 3DS ndi katiriji yeniyeni, musaganize kawiri. Koma kumeneko ndi kuchita mwayi.

Zotsala ndi ziwiri zomwe munthu angagule lero atakhala pampando: ya pa foni ndi ya pa Steam. Ya iPhone inayamba mu 2011, ya Android mu 2012. Ya Steam inatuluka mu February 2018 ndipo inalandiridwa ndi miyala. Anangotenga ya pa foni n'kuiponya pa kompyuta, timabatani tikulutikulu tofunika chala tili pomwepo, zilembo zosakhala bwino, zithunzi atazisalaza ngati zapakidwa mafuta, moti m'malire a matayilosi a pansi munkaoneka mizere. Anthu atadandaula, Square Enix, monga imatchedwira kampani ija pano, inakonza kangapo m'chaka chomwecho: inabwezeretsa zithunzi zoyambirira, inasintha zilembo ndi mamenyu kuti zigwirizane ndi padi ndi kiyibodi. Mu 2022 inawonjezeranso zina, kuphatikizapo za maskirini otambalala kwambiri. Ndiye mukawerenga madandaulo akale pa intaneti, yang'anani deti. Gemu imene ankaitukwana ija si imene ilipo pano.

Imeneyi ndi imene ili pa laputopu yanga, ndipo ndi imene ndinamuuza mnyamatayu kuti atenge. Mawu ake ndi ochokera ku kumasulira kwa DS, timafilimu tilimo, Lost Sanctum ndi Dimensional Vortex zilimo, kabwalo ka tizilombo kokha ndi kamene mulibe, ndipo palibe amene akulira nako. Chinthu choyamba mukangoitsegula, lowani mu zosankha n'kuika zithunzi pa "Original". Musadumphe zimenezi. Tianthu ta Toriyama tinajambulidwa kadontho ndi kadontho, ndipo mukatisalaza nkhope ya Frog imaoneka ngati yasungunuka padzuwa. Chachiwiri, pezani padi, ngakhale yotchipa ya USB ya mumsika. Pali malo ena, monga kuthamangitsa khoswe pa zitsulo za ku Arris Dome kapena kukwera Death Peak mphepo ikukukankhirani pansi, amene pa kiyibodi amatopetsa ndipo pa galasi la foni amakutukwanitsa.

Chinthu chimodzi chimene ya Steam ndi ya foni zimaposa nacho ngakhale DS ndi kuseva yokha. Pa mitundu yakale mumaseva pa mapu aakulu kapena pa timalo tonyezimira basi. Nthawi ya kukoleji ija magetsi anandizimira ndili m'kati mwa Ocean Palace, pafupifupi ola lathunthu osaseva, ndipo ndinakhala mumdima ndikudziuza kuti ndine munthu wamkulu, sindingalire. Laputopu yanga ya pano batire yake inafa kalekale, ikangochoka pa magetsi yazima. Kawiri konse tchuthi chija magetsi anapita mnyamatayu ali pakati pa ulendo, ndipo atabwera anapitiriza pafupi ndi pomwe anasiyira.

Mtengo pa Steam ndi pafupifupi madola 15, ndipo nthawi yotsitsa mitengo umatsika mpaka theka, choncho kudikira kumapindula. Chovuta kwa ife si mtengowo koma kulipira kwake, poti si khadi lililonse limene limadutsa pa zogula za kunja masiku ano. Ine ndinachita kutumiza ndalama kwa msuweni uja kuti andigulire ngati mphatso. Gemuyi sifuna kompyuta yamphamvu, ndipo ulendo woyamba umatenga maola 20 kapena 25. Ikatha pali New Game+, pomwe mumayambiranso ndi mphamvu zanu zonse n'kumakamenya Lavos nthawi zosiyanasiyana kuti muone mathero ena, omwe alipo opitirira 10.

Ya foni ndimaisiyira amene alibiretu kompyuta. Ndi gemu yomweyo, ndipo mukalumikiza padi ya Bluetooth imakhala bwino. Popanda padi, chala chanu chimaphimba zomwe mukufuna kuona.

Mnyamatayu anayambiranso pa kompyuta ya bambo ake. Dzulo wanditumizira chithunzi cha bwalo la milandu, pomwe Crono akuimbidwa mlandu woba Marle ndipo mboni zikubwera kudzanena zonse zimene munachita kuchionetsero kuja osadziwa kuti gemu ikukuonani. Oweruza amupeza wolakwa. Ndinamufunsa ngati anadya kaphukusi ka chakudya ka agogo aja kamene kanali patebulo.

"Kanangokhala pamenepo, amalume. Panalibe mwini wake."

Ndinamufunsanso ngati anayamba wadzutsa Marle atagundana, kapena anathamangira kutola mkanda. Mpaka pano sanayankhe.