Kuoda nsapato ku China kudzera pa Alibaba: pomwe Trade Assurance imathandiza ndi pomwe imakusiyani nokha

Wamalonda wofuna kuoda nsapato zambiri ku China masiku ano amayambira pa Alibaba.com, msika wa pa intaneti womwe unakhazikitsidwa ku Hangzhou mu 1999. Mukangofufuza nsapato za sukulu kapena za masewera pamatuluka ogulitsa ambirimbiri, aliyense ndi zithunzi zonyezimira. Pa ntchito yopeza mayina a mafakitale, Alibaba ndi yabwino zedi. Koma pa ntchito yotsimikiza kuti nsapato zodzatsika mu kontena ku Blantyre kapena ku Lusaka ndi zomwe munagwirizana, thandizo lake ndi lochepa, ndipo lochepalo limadalira zomwe inuyo munalemba mu oda.

Baji ya Verified Supplier anthu amaikhulupirira mopitirira. Wogulitsa amalipira kuti akhale nayo, kenako kampani yoyendera ngati SGS kapena TÜV Rheinland imapita kukaona malo ake n'kulemba lipoti. Bajiyo imangotsimikiza kuti kampaniyo ilipo ndipo ili ndi zomwe inanena. Sinena kuti guluu wawo amagwira. Chothandiza ndi lipotilo, lomwe mungathe kulitsegula pa tsamba la wogulitsa. Onanimo ngati alembedwa kuti ndi opanga kapena ongogulitsa, chiwerengero cha antchito, ndi makina omwe ali nawo. Fakitale yeniyeni ya nsapato imakhala ndi gawo lodula, gawo losoka, ndi mzere womwe amakokera chapamwamba cha nsapato pa chikombole chooneka ngati phazi n'kumata soli. Kampani ya anthu 15 omwe onse amakhala pa kompyuta mu ofesi ndi mkhalapakati, ngakhale italemba mawu oti fakitale kakhumi.

Mkhalapakati si mdani ayi. Kwa amene akufuna mapeyala 200 a mitundu isanu, ndiye amene angamumvere, chifukwa fakitale yaikulu siyatsa makina chifukwa cha oda yotere. Vuto limakhalapo akabisa kuti ndi mkhalapakati, chifukwa zikalakwika simudziwa amene walakwitsa, ndipo oda yachiwiri akhoza kuipititsa ku fakitale ina yotchipa inu osadziwa.

Adiresi imaulula zambiri, popeza ntchito ya nsapato ku China ili m'magulu malinga ndi dera. Nsapato za masewera kwawo ndi ku Jinjiang m'chigawo cha Fujian, komwe kuli likulu la kampani ya nsapato za masewera ya Anta. Za chikopa za abambo zimatchuka ku Wenzhou m'chigawo cha Zhejiang, mzinda womwe unachita manyazi mu 1987 pomwe nsapato zake zosalimba zoposa mapeyala 5,000 zinawotchedwa poyera ku Hangzhou, ndipo kuchokera pamenepo unayesetsa kukonza mbiri yake. Ku Wenling kumachokera zotsika mtengo ndi za ana zambiri, ku Jieyang masilipasi ndi za pulasitiki, ku Huidong ndi ku Chengdu za amayi. Putian ili ndi mafakitale aluso, koma imadziwikanso ndi nsapato zachinyengo zokhala ndi zizindikiro za Nike ndi Adidas, ndipo katundu wotere akagwidwa pa kasitomu palibe wokubwezerani ndalama. Wogulitsa wa ku Yiwu amene akuti amapanga yekha magambutsi, nsapato za chikopa, masilipasi ndi zikwama akungotolera kwa ena.

Pemphani chithunzi cha laisensi ya bizinesi. Imakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 18, yomwe mungaifufuze pa gsxt.gov.cn, kaundula wa boma la China wa makampani. Tsambali lili m'Chitchaina ndipo nthawi zina limavuta kutseguka kunja kwa dzikolo, koma ejenti wanu kapena kampani yoyendera akhoza kukuonerani. Onani chaka chomwe kampani inalembetsedwa, ngati ntchito zake zikutchula kupanga nsapato, komanso ngati dzina la pa laisensi ndi lomwe lili pa invoisi. Mukatero aimbireni pa vidiyo nthawi ya ntchito, ndipo muwauze ayende nanu kuchoka pa chikwangwani cha pageti mpaka pa mzere womata soli. Amene ali pa fakitale amachita izi m'mphindi zisanu. Amene alibe fakitale amakutumizirani vidiyo yojambula kale.

Nkhani yaikulu ili pa sampulo. Sampulo yoyamba nthawi zambiri imapangidwa ndi amisiri a m'chipinda cha masampulo, pang'onopang'ono, ndi zipangizo zosankha. Katundu wanu adzapangidwa pa mzere, mwaliwiro, ndi zipangizo zogulidwa mutatha kale kunenerera mtengo. Choncho musalole kuti ayambe ntchito musanaone sampulo yachiwiri, yopangidwa ndi zipangizo zenizeni zomwe agulira oda yanu. Pakhale mapeyala atatu ofanana osainidwa ndi kulembedwa tsiku, ina kwa inu, ina ku fakitale, ina kwa woyendera. Ina mwa masampulo muidule pakati ndi mpeni kuyambira ku chala mpaka ku chidendene. M'katimo ndi momwe amabera. Mudzaona ngati cholimbitsa kuchidendene ndi chenicheni kapena ndi katoni wamba, ngati soli ili ndi mphako zazikulu zochepetsera mphira, ndiponso ngati ulusi wooneka m'mbali mwa soli wasokadi kapena ndi wokongoletsera chabe. Iyezeninso pa sikelo n'kulemba magalamu ake mu oda, chifukwa fakitale ikachepetsa zipangizo kulemera kumatsika.

Mawu oti chikopa amatanthauza zinthu zosiyanasiyana pa Alibaba. Full grain ndi chikopa cha pamwamba penipeni, cholimba ndi chodula. Action leather, chomwe chili pa nsapato za sukulu zambiri, ndi chikopa cha m'munsi chomwe anachikuta ndi PU, mtundu wa pulasitiki; chimapirira ndithu ngati chili chokhuthala bwino. PU leather si chikopa n'komwe, ndipo chotchipa chimayamba kusendeka popindikira phazi. Lembani mtundu wake ndi kukhuthala kwake m'mamilimita, mwachitsanzo 1.6 mpaka 1.8, osati kungoti chikopa chabwino.

Soli nayo ili ndi matenda ake. Ya PU ndi yopepuka ndi yofewa kuponda, koma ikakhala nthawi yaitali pachinyontho ndi potentha imayamba kuyoyoka ngakhale isanavalidwe, n'chifukwa chake katundu wotsala m'nyumba zosungiramo yemwe amagulitsidwa motchipa kwambiri ndi wofunika kumufunsa chaka chomwe anapangidwa. Ya EVA, pulasitiki yopepuka ngati siponji, imakhwinyata ikapsa mu kontena, moti silipasi ya saizi 42 ikhoza kufika itachepa. Mphira ndi TPR, pulasitiki yonga mphira, zimalemera koma zimapirira miyala ndi fumbi. Dandaulo lofala kwambiri ndi kumatuka kwa soli, ndipo gwero lake limadziwika: sanakwechese bwino pomata, sanapake mankhwala oyambira guluu asanafike, guluu sanamutenthe mokwanira, kapena makina opanikizira anathamangitsidwa. Pali muyeso wake, ISO 17708, womwe umayeza mphamvu yofunika kuti soli isiyane ndi chapamwamba. Lembani nambala yomwe mukufuna, mwachitsanzo osachepera 3 N/mm, kutanthauza mphamvu ya manyutoni atatu pa milimita iliyonse ya pomatapo. Popanda nambala, mkangano wa soli yomatuka umangokhala wa mawu anu ndi mawu awo.

Pa masaizi, musadalire nambala yodindidwa pansi. Saizi imodzi ya ku Ulaya imasiyana ndi inzake ndi mamilimita 6.67, koma 42 ya fakitale ina siifanana ndi 42 ya ina, ndipo zikombole zopangira msika wa ku China zimakonda kukhala zopapatiza kutsogolo. Apatseni utali wa m'kati m'mamilimita pa saizi iliyonse ndi kuzungulira kwa phazi pomwe latambalala, kenako veketsani sampulo anthu angapo a msika wanu. Katoni ya nsapato za akulu imakhala ya mapeyala 12, ndipo kasakanizidwe kofala ka 40 mpaka 45 ndi 1, 2, 3, 3, 2, 1. Mukapanda kunena kanu adzaika komwe anazolowera, inu n'kutsala ndi mulu wa saizi zosayenda.

Mafakitale ambiri amafuna mapeyala mazana angapo pa mtundu uliwonse ngati mukugwiritsa ntchito soli yomwe ilipo kale. Soli yanuyanu imafuna zikombole zatsopano, chilichonse pa saizi yake, ndipo ndalama yake imakhala yapadera. Woyamba kumene asankhe soli yomwe ilipo n'kungoikapo dzina lake pa chopondera cha m'kati ndi pa bokosi.

Tsopano Trade Assurance, chitetezo chomwe Alibaba imapereka kwa ogula. Lonjezo lake ndi lakuti katundu akachedwa kutumizidwa kapena akasiyana ndi zomwe zili mu oda, mukhoza kudandaula kwa Alibaba kuti mubwezeredwe ndalama. Ubwino wake ndi weniweni: wongofuna kuthawa ndi dipoziti amavutika, ndipo wogulitsa amaopa kuwonongeredwa mbiri pa tsamba lake. Koma chitetezochi chimagwira pokhapokha oda itapangidwa pa Alibaba pomwepo ndipo ndalama zitalowa mu akaunti yomwe yalembedwa pa odayo. Wogulitsa akakukokerani ku WhatsApp kapena WeChat n'kukupatsani akaunti ina ponena kuti akuchotserani pang'ono, mwatuluka m'khola. Uthenga woti akaunti yawo yasintha musaukhulupirire musanawaimbire pa nambala yakale, chifukwa akuba olowa m'maimelo a mafakitale amagwiritsa ntchito njira imeneyi.

Oweruza a Alibaba amaona zolembedwa. Oda yongoti nsapato zakuda za sukulu, mapeyala 1,500, ndiye kuti nsapato iliyonse yakuda yakwaniritsa. Ikanimo zonse zatchulidwazi pamodzi ndi zithunzi za sampulo yosainidwa. Chofooka china, chomwe chimapweteka kwambiri ogula a m'mayiko opanda doko, ndi nthawi yodandaulira, yomwe kwa wogula wamba ndi masiku 30. Werengani bwino pa oda yanu kuti masikuwo akuyambira pati. Ngati mgwirizano ndi woti fakitale ingokatula katundu kwa ejenti wanu ku Guangzhou, masikuwo akhoza kutha kontena ikadali panyanja, isanafike n'komwe ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ndipo ngakhale mutapambana mlandu, ndalama ya sitima, ya thiraki ndi msonkho zapita kale, ndipo kubweza nsapato ku China kumadula kuposa nsapatozo. Kawirikawiri nkhani imathera pa kuchotserana kangachepe.

N'chifukwa chake kuyendera katundu asanachoke kumaposa chitetezo chilichonse cha pa tsambali. Kalipiridwe kozolowereka ndi 30 peresenti poyamba ndi 70 peresenti katundu akatha kupangidwa. Lembani kuti 70 peresentiyo idzaperekedwa woyendera akavomereza. Alibaba imagulitsa ntchito yoyenderayi, koma mukhozanso kulemba nokha makampani oyendera ngati QIMA, SGS, Intertek kapena Bureau Veritas, pa mtengo wa madola mazana awiri kapena atatu pa tsiku la munthu mmodzi. Pa mapeyala 1,500, madola 300 ndi masenti 20 pa peyala. Oyendera amatsata muyezo wa ISO 2859-1: pa katundu wa pakati pa 1,201 ndi 3,200 amatola 125 mwachisawawa, ndipo pa muyezo wa AQL 2.5, womwe ndi malire a zolakwika zololedwa, zolakwika zazikulu zikafika 8 katundu wakanidwa. Muuzeni woyendera atole makatoni yekha, ayeze utali wa m'kati, aone ngati kumanja ndi kumanzere zikufanana mtundu ndi kutalika, apinde nsapato, akoke soli ndi zingwe, apapase misomali m'kati, ndiponso ayeze chinyontho. Nsapato zolongedzedwa zisanaume nyengo ya mvula ya kumwera kwa China zimafika zitachita chuku, choncho m'bokosi lililonse mukhale kapaketi koyamwa chinyontho.

Mabokosi amadya malo. Bokosi la masentimita 33 ndi 21 ndi 12 likakhala 12 mu katoni limatenga pafupifupi 0.1 kiyubiki mita. Kontena ya mafiti 20 imalowa makiyubiki mita pafupifupi 28, kutanthauza makatoni 280 kapena mapeyala 3,360. Za kumsika zosafuna bokosi zikaikidwa m'mapepala a pulasitiki zimalowa zambiri kuposa apa, koma za chikopa zimaphwanyika maonekedwe. Pa kasitomu nsapato zili mu chaputala 64 cha mndandanda wa manambala a katundu: 6402 ndi za chapamwamba cha mphira kapena pulasitiki, 6403 cha chikopa, 6404 cha nsalu. Invoisi itchule zipangizo molondola, ndipo mufunse wokutulutsirani katundu ku MRA kapena ZRA kuti msonkho ukhala zingati musanapereke dipoziti.

Kupanga kumatenga mwezi kapena mwezi ndi theka, ndipo ulendo wa panyanja ndi wa pamsewu umawonjezera nthawi ina yoposa pamenepo. Nsapato za sukulu zofuna kugulitsidwa September ku Malawi zikhale zitaodedwa pofika April kapena May. Mafakitale amatseka masabata angapo pa Chaka Chatsopano cha ku China, kumapeto kwa January kapena mu February, ndipo katundu wothamangitsidwa tchuthi chisanafike kapena wopangidwa ndi antchito atsopano chitangotha ndiye wofunika kumuyendera kwambiri. Palinso nkhani ya madola. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo wooda amene anali asanalipire 70 peresenti anaona ngongole yake ikukwera usiku umodzi. Popeza banki ikhoza kuchedwa kupereka ndalama zakunja, gwirizanani ndi fakitale, molemba mu oda, kuti idzasunga katundu wanu masiku angati popanda kulipiritsa.

Amene oda yake yafika kontena yathunthu aganizire zopita ku Canton Fair, chionetsero chachikulu cha zamalonda cha ku Guangzhou, komwe nsapato zimaonetsedwa m'gawo lachitatu, kumayambiriro kwa May ndi kwa November. Kumeneko mumagwira soli ndi manja, n'kukwera sitima ya pamtunda kukaona mafakitale awiri kapena atatu omwe munawasankha pa Alibaba. Odayo mukhoza kuilembabe pa Trade Assurance mukabwerako.